Tomato wafotanso? Tembenuzani tsamba musanagule mankhwala

Chaka ndi chaka dandaulo ndi lomwelo pakati pa ife a muno mu Harare, ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, ngakhalenso abambo athu amene amasamala maluwa m'mayadi a ku Borrowdale ndi Mount Pleasant n'kumalima kamunda kawo kuseri kwa nyumba. Mbande zinamera bwino, titawokera zinagwira, maluwa anatuluka, kenaka masamba n'kuyamba chikasu kuchokera m'munsi, tsinde n'kuuma tomato asanapse. Munthu amathamangira kukagula mankhwala, n'kupopera, koma osasintha kanthu. Amaonjezera fetereza, zinthu n'kunyanyira. Mapeto ake amati nthaka ya pano inaguga, kapena mbewu za masiku ano n'zachinyengo.

Kawirikawiri mlandu si wa nthaka kapena mbewu. Zimene zimapha tomato muno mu Harare ndi zingapo, ndipo ukaima patali zonse zimaoneka chimodzimodzi: chikasu, kufota, kuuma. Koma chilichonse chili ndi machiritso ake, ndipo mankhwala a ichi amatha kukulitsa icho. Nchifukwa chake ine ndimati ndalama isatuluke m'thumba musanachite zinthu zitatu ndi manja anu: kutembenuza tsamba, kudula tsinde ndi kuzula muzu. Perekani chitsamba chimodzi chodwalacho kuti chikuuzeni zoona, zinazo zipulumuke.

Kunsi kwa tsamba

Ambiri timaima chilili n'kumayang'ana pamwamba pa masamba, pomwe adani a tomato amabisala kunsi kosafika dzuwa. Tengani pepala loyera, muliike pansi pa tsamba lomwe layamba kutuwa, mugogode tsambalo ndi chala. Mukaona timadontho tofiira tikuyendayenda papepalapo, mwapeza akangaude ofiira. Amenewa ndiwo amatha tomato wambiri m'tauni muno nthawi ya chilimwe. Mitengo ya jacaranda ikayamba maluwa m'misewu ya ku Avenues kumapeto kwa Seputembala, dziwani kuti nyengo yawo yakwana: kotentha, kouma, fumbi lili koboo. Tsamba limayamba ndi timadontho toyera tambirimbiri, kenaka limachita chikasu, n'kufiirira, n'kuuma. Zikafika poipa mumaona ulusi wopyapyala utakuta nsonga, akangaudewo ataunjikana pamwamba kudikira mphepo iwanyamule kupita kwa aneba.

Mtundu umene umasautsa tomato kuno kwawo n'ku South America, ndipo unapezeka koyamba mu Zimbabwe mu 1979. Kukatentha, dzira limasanduka kangaude woikiranso mazira m'masiku pafupifupi 10 okha. Ndiye mukachedwa sabata ziwiri, mukulimbana ndi zidzukulu.

Apa pali msampha umene wagwetsa anthu ambiri. Akangaudewa si gulu la mbozi kapena nsabwe, ali ndi miyendo 8, ndipo mankhwala ambiri ophera mbozi, monga cypermethrin ndi lambda-cyhalothrin, sawathetsa. Chimene mankhwalawo amachita n'kupha tizilombo tabwino tomwe timadya akangaudewo, basi iwo n'kuswana mopanda wowaletsa. Munthu amadabwa kuti wapopera katatu koma munda wafiira kuposa kale. Chafiiritsa mundawo n'kupoperako.

Ngati angoyamba kumene, thothorani masamba a m'munsi omwe adzadza, muwaike m'jumbo pomwepo, osayenda nawo pamanja kudutsa m'mizere. Tsukani kunsi kwa masamba otsalawo ndi madzi amphamvu m'mawa, chifukwa akangaudewa amadana ndi chinyezi. Madzi a sopo wamtanda wosungunula pang'ono amathandiza, koma yesani kaye pa chitsamba chimodzi, mudikire masiku awiri muone ngati masamba sanapse. Sopo waufa wochapira zovala ayi, amawotcha. Zikakula, mankhwala oyenera ndi omwe alembedwa kuti ndi a akangaude, monga abamectin kapena salufa wosungunuka m'madzi. Salufa musapopere dzuwa lili paliwombo mu Okutobala, amatentha masamba. Kamwa ya sipuleya iloze m'mwamba kuti mankhwala afike kunsi kwa tsamba, ndipo mubwereze patatha sabata chifukwa mazira amapulumuka ulendo woyamba.

Chinanso chomwe anthu safuna kumva: tomato wakale amene munasiya pakona chifukwa akubalabe tiwiri titatu ndiye nkhokwe ya akangaude. Chimodzimodzinso mabilinganya, kachewere, fodya, nthula ndi mnadzi womera wokha m'mphepete mwa mpanda, pakuti zonsezi ndi banja limodzi ndi tomato. Mukabzala mbande zatsopano pafupi ndi mitengo yakaleyo, mwaziperekeza nokha. Zulani zakalezo, muotche kapena mukwirire mozama, padutse sabata zingapo. Ndipo pogwira ntchito yambani ku munda watsopano kumalizira ku wakale, poti akangaudewa amakwera pamalaya ndi pakhasu.

Mukatembenuza tsamba muthanso kupeza zina. Ngati pali zigamba zoyererako, zoonekera kuwala, mkati mwake muli tindowe takuda ndi kambozi kakang'ono, ameneyo ndi Tuta absoluta, yemwe anafika kuno cha m'ma 2016 atadutsa ku Spain mu 2006 kuchokeranso ku South America. Musamusokoneze ndi kantchentche kamene kamajambula timizere topyapyala tokhotakhota patsamba; kameneko kamanyansa m'maso koma kawirikawiri sikapha tomato wamkulu. Tuta amadya mkati mwa tsamba, n'kuboolanso chipatso pafupi ndi kapesi, chipatsocho n'kuwola. Popeza amakhala mkati, mankhwala ongogwa pamwamba samufika bwino, ndipo amazolowera msanga mankhwala amodzi akamabwerezedwa. Pa kamunda ka kuseri kwa nyumba, dzanja limaposa sipuleya: yenderani kawiri pa sabata, finyani kambozi m'tsamba momwemo kapena thothorani tsambalo, zipatso zoboola zonse mutsekere m'jumbo muike padzuwa masiku angapo. Kuzitaya padzala n'kumuweta. M'masitolo a zaulimi mumapezeka timisampha ta fungo tokopa agulugufe aamuna a Tuta, poti kamboziko kakakula kamasanduka gulugufe. Timakuuzani msanga kuti wafika masamba asanaonongeke.

Mukagwedeza chitsamba n'kuuluka tintchentche toyera, masamba a kunsonga ali ang'onoang'ono, opindikira m'mwamba, m'mphepete muli chikasu, chitsamba chapinimbira, amenewo ndi matenda a vairasi omwe tintchentcheto timafalitsa. Alibe mankhwala. Zulani msanga. Nthawi zambiri amabwera ndi mbande zogula, choncho pogula mbande, kaya ku Mbare Musika kaya panazale ya m'mphepete mwa msewu, tembenuzani masamba wogulitsa akuona. Palibe chamwano pamenepo.

Mvula ikagwa nkhani imasintha

Akangaude amachepa mvula ikakhazikika, chiwawu n'kulowa m'malo. Chilipo cha mitundu iwiri. China chimayambira masamba a m'munsi, mawanga abulauni okhala ndi mizere yozungulirazungulira mkati, m'mbali mwake chikasu, n'kumakwera pang'onopang'ono. Chinacho ndi choopsa: chimakonda masiku ozizira a mitambo ndi mvula yamawawa, ija anzathu Achishona amati guti, ife kwathu timati chiperoni. Masamba amachita zigamba zonyowa zakuda, m'mawa kunsi kwake mumaoneka nkhungu yoyera, tsinde limada, zipatso zimachita mabala olimba abulauni. Munda wonse utha kupita m'sabata imodzi ya Januwale kapena Febuluwale.

Mankhwala a chiwawu omwe ambiri timawadziwa, mancozeb ndi kopa, ndi otchinga, sachiza tsamba lomwe lagwidwa kale. Amafunika kupopera matenda asanafike, ndi kubwereza mvula ikawatsuka. Koma theka la nkhondoyi n'kabzalidwe. Mayadi athu ndi ang'ono, ndiye timathithikiza mbande kuti tipindule, mphepo n'kulephera kudutsa, masamba n'kugona onyowa. Siyani masentimita 45 mpaka 60 pakati pa mbande. Zikirani timitengo mumangirire, chotsani mphukira za m'khwapa ndi masamba okhudza pansi, phimbirani ndi udzu kuti dothi lisadumphire pamasamba mvula ikamagwa. Pothirira, madzi apite patsinde, osati kusambitsa chitsamba ndi kheni madzulo.

Chafota chili chobiriwira

Tsopano tsinde. Pali tomato amene dzulo anali bwinobwino, lero walefuka yense masamba akadali obiriwira, dothi lili lonyowa. Osathiranso madzi. Dulani tsinde pafupi ndi nthaka, muviike nsonga yodulayo m'tambula yagalasi ya madzi oyera, osagwedeza. Pakadutsa mphindi zingapo, mukaona timaulusi toyera tikutsika kuchokera patsindepo, amenewo ndi mabakiteriya ofotetsa. Atseka misempha yokwezera madzi, ndiye chitsamba chikufa ndi ludzu chili m'chinyezi.

Matendawa sapoperedwa. Amakhala m'nthaka zaka zambiri, amayenda ndi madzi othamanga, ndi dothi lomata kukhasu ndi kunsapato. Zulani chitsambacho ndi dothi lake, musaponye mu kompositi. Pamalopo pasabwerenso tomato, kachewere, tsabola kapena mabilinganya kwa zaka zosachepera 4; bzalanipo chimanga, anyezi kapena mbewu za masamba monga repu ndi covo. Amene amalima m'madambo a m'mbali mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba asamale kwambiri, chifukwa madzi ochokera m'munda wa kumtunda amabwera nawo. Kwezani mabedi. Mbewu ya Rodade imapirira matendawa kuposa mitundu yambiri, ngakhale nayo si yosagonja.

Ngati madzi a m'tambula akhala oyera, ng'ambani tsindelo m'litali. Mkati mukakhala mizere yabulauni, ndipo chikasu chinayamba mbali imodzi ya chitsamba, ndiye kuti ndi nkhungu ya m'nthaka yotchedwa Fusarium. Chochita n'chimodzimodzi: kuzula, kusintha malo, ndi kusankha mbewu yomwe papaketi palembedwa kuti imapirira.

Muzu

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa vuto ili ndi lomwe limabwerera mwakachetechete pabedi lomwelo chaka chilichonse, mwini wake osalidziwa. Tomato amakula monyinyirika, masana amafota, madzulo amadzuka, fetereza mukathira sayankha, zipatso zimakhala zochepa ndi zazing'ono. Kumbani ndi fosholo, musamwetule, mutsuke mizu. Mukaipeza ili yotupatupa ngati mikanda yotungidwa pa ulusi, ndiye kuti muli nyongolotsi za m'mizu, zosaoneka ndi maso. Musazisokoneze ndi timatuza ta pamizu ya nyemba ndi mtedza, tomwe ndi tabwino. Timeneto timathothoka mukatikhudza ndi chala, pomwe zotupa za nyongolotsi ndi muzu weniweniwo wafufuma, sizichoka.

Nyongolotsizi zimakonda nthaka yamchenga yofunda. Kumpoto kwa mzinda kuli katondo wofiira wolemera, koma ambiri a ife tili kumchenga wa miyala ya nsangalabwi, ku Epworth, Mabvuku, Tafara mpaka ku Chitungwiza, ndipo ndi komwe zimasautsa kwambiri. Timazidyetsanso tokha osadziwa: tachotsa tomato tabzala therere, tachotsa therere tabzala nyemba kapena maungu, zonsezo n'chakudya chawo. Kasinthasintha wotere ndi wa dzina lokha.

Agogo athu amene anagwira ntchito m'mafamu a fodya amaudziwa udzu wa Katambora. Alimi a fodya kuno akhala akuubzala zaka zingapo pakati pa fodya ndi fodya kuti nyongolotsi zife ndi njala. Payadi ya m'tauni sitingagoneke bedi zaka zitatu, koma nzeru yake tingaibwereke. Gawani kamunda kanu zigawo, tomato asabwerere pomwe anali zisanadutse mbewu zina zomwe nyongolotsi sizikonda, monga chimanga, mapira, anyezi ndi adyo. Maluwa a marigold amathandiza, koma osati awiri atatu apa ndi apo monga timachitira. Bedi lonse lidzaze marigold miyezi iwiri kapena itatu, kenaka muwagaulire pansi. Manyowa owolerana bwino ndi kompositi wochuluka amabweretsa tamoyo tina tolimbana nazo, komanso amagwira chinyezi mumchenga.

Dzuwa la Okutobala lomwe timalidandaulalo lingakugwirireni ntchito. Gaulani bedi, muchotse mizu yonse yakale, muthirire mpaka linyowe bwino, muyale pulasitiki yoonekera mkati, mukwirire m'mbali monse ndi dothi kuti mpweya usatuluke. Isiyeni sabata 4 mpaka 6. Kutentha kumapha nyongolotsi zambiri za m'dothi la pamwamba pamodzi ndi njere za udzu. Pa nazale izi n'zofunika koposa, pakuti mbande ikatenga nyongolotsi ili khanda, imakazifesa kulikonse mukaiwokere. Amene ali ndi malo ochepa kwambiri, kapena akukhala nyumba ya lendi, angolima m'matumba ndi m'ndowa zoboola pansi, dothi lake latsopano losakaniza ndi kompositi, thumbalo likhale pa njerwa kuti mizu isalowe pansi.

Mankhwala ophera nyongolotsi m'nthaka alipo, koma ambiri ndi poizoni woopsa, wosayenera pakhomo pomwe ana akusewera ndi nkhuku zikupalasa, pafupi ndi chitsime chomwe banja likumwa. Ine sindingamuuze m'bale wanga aliyense kuti awagwiritse ntchito payadi.

Mizu ikakhala yosalala koma yabulauni, yofewa, yonunkha, ndiye kuti yamira. Zimachitika kukatondo ndi m'madambo, kapena m'ndowa yosaboola.

Pomwe palibe kachilombo

Tomato wakuda kumatako, bala louma lolowa mkati, amapusitsa anthu ambiri. Si matenda, ndipo kupopera n'kutaya ndalama. Chipatso chasowa kashiamu, koma kawirikawiri kashiamuyo m'nthaka alimo, chasowa ndi madzi omunyamula. Tonse tikudziwa mmene madzi a m'mipopi amabwerera m'madera athu, lero alipo, mawa ndi mkuja kulibe, pamjigo mzere wautali. Tomato amakhala masiku anayi osamwa, tsiku lachisanu n'kumizidwa. Zotsatira zake ndi bala lija, kapena kung'aluka kwa zipatso. Sungani madzi m'mgolo kuti muzithirira mofanana, mokwanira kulowa pansi, kawiri kapena katatu pa sabata kukatondo, pafupipafupi kumchenga. Pisani chala m'dothi musanathirire. Ndipo phimbirani, abale anga, phimbirani ndi udzu wouma, mapesi kapena masamba a misasa omwe amayoyoka mu Ogasiti, kusiya kampata pozungulira tsinde. Bedi lophimbira limasunga chinyezi masiku ambiri kuposa lapambalambanda.

Madzi otsukira ndiwo ndi otsukuluzira zovala angathandize pa chilala, koma a sopo waufa woyamba uja ali ndi mchere womwe umaunjikana m'dothi, m'mphepete mwa masamba n'kumapsa.

Fetereza naye amapha. Pobzala timathira Compound D, kapena Compound C yemwe ali ndi potashi wochulukirapo, wosakaniza bwino ndi dothi. Vuto limadza ndi fetereza wa AN (ammonium nitrate). Ndi wamphamvu, nayitrojeni wake ndi 34.5 peresenti, ndipo munthu akaona chikasu amathira chodzadza dzanja patsinde penipeni. Mizu imapsa, kapena chitsamba chimangochita masamba ambiri ofewa okoma kwa nsabwe, maluwa n'kumagwa, bala la kumatako lija n'kuchuluka. Kachitsekero ka botolo kamodzi pa chitsamba, patali pang'ono ndi tsinde, dothi lili lonyowa, n'kokwanira. Chikasu cha njala chimadziwika: masamba a m'munsi amatuwa mofanana, opanda mawanga, opanda kachilombo kunsi, mizu ili yoyera.

Maluwa kugwa osabereka nthawi zina ndi nyengo chabe. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, usiku wa Juni ndi Julayi umazizira kwambiri, ndipo m'zigwa mumagwa chisanu chotentha tomato usiku umodzi. Masana a Okutobala nawo akapsa kupyola madigiri 32, mungu umafooka. Amene akufuna tomato wosavuta afese kumapeto kwa dzinja ngati malo ake sagwa chisanu, kapena afese mu Julayi pamalo otchingika kuti awokere mu Ogasiti, zipatso zigwire akangaude asanachuluke.

Zikakukanikani

Sikuti zonse mungazizindikire nokha, ndipo mzinda uno uli ndi kopita. Ku Alexandra Park, makilomita ochepa kumpoto kwa tauni, kuli National Botanic Garden, yomwe inakhazikitsidwa mu 1962, pamodzi ndi National Herbarium komwe amasunga zitsanzo zouma za zomera pafupifupi 500,000. Kumeneko ndi kwa akatswiri odziwa maina a zomera, ndipo chitsamba chachilendo chomera m'munda mwanu angakuuzeni kuti n'chiyani. Chapafupi pomwepo, ku Fifth Street Extension, kuli malo a boma ofufuzira zaulimi, komwe kuli nthambi yoona za matenda ndi tizilombo ta mbewu, ndi ina yoyeza nthaka. Nthaka yamchenga kuno imakonda kukhala ya asidi, makamaka yomwe yadya AN zaka zambiri, ndipo kuyezetsa ndi komwe kungakuuzeni ngati mukufunika laimu ndi muyeso wake. Alangizi a zaulimi a boma, a Agritex, nawonso alipo.

Ambiri a ife timangoudutsa munda wa zomerawo pa kombi, ena timaudziwa ngati malo ojambulirako zithunzi za ukwati. Lowanimo tsiku lina ndi ana. Mitengo ya m'madera osiyanasiyana a dziko lino inabzalidwa m'magulu ake, ya kuchigwa kotentha payokha, ya m'nkhalango za mvula za kumapiri a kum'mawa payokha, ndipo mwana amaona ndi maso kuti chomera chilichonse chili ndi malo ndi madzi ake. Mukamva kuti kumeneko kapena kutchalitchi kapena kugulu la m'dera lanu kuli phunziro lochita ndi manja, la kompositi, la nazale, la kumezanitsa, pitani, ndipo munyamule chitsamba chanu chodwala. Achikulire athu amene akhala zaka makumi akusamala minda ya anthu m'mayadi alinso ndi luso lomwe achinyamata sitikuwafunsa. Kunena kuti "Amalume, tabwerani mudzandionere tomato wangayu" sikulipiritsa.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musagule mankhwala othiridwa m'tibotolo topanda chizindikiro, ngakhale wogulitsa alumbire kuti amapha chilichonse. Simudziwa dzina lake, muyeso wake, kapena masiku oyenera kudikira musanathyole, pomwe tomatoyo akukalowa mumphika wa ana anu ndi wa amene akugula pabenchi panu. Ogula m'sitolo awerenge pepala la pabotolo, avale zotchinga manja ndi mphuno, apopere kopanda mphepo, m'mawa kwambiri kapena madzulo njuchi zitachoka.

Popita kukaonetsa, musatenge tsamba limodzi louma. Kumbani chitsamba chathunthu chomwe changoyamba kudwala, ndi mizu ndi dothi lake. Mizu muikulunge m'jumbo yakeyake, masamba m'nyuzipepala kuti asawole ndi thukuta, ndipo mufike nacho tsiku lomwelo. Mukakonzekere kuyankha kuti ndi mbewu yanji, munawokera liti, pabedipo panali chiyani chaka chatha, mumathirira madzi ochokera kuti, ndipo mwathira kale fetereza ndi mankhwala ati. Ngati ndi dothi lokayezetsa, tapani m'malo angapo a bedilo kuzama kwa khasu, musakanize m'ndowa yoyera, mutengeko pafupifupi theka la kilogalamu.